Sanda ya Che Jaffalie

Ndirande, Blantyre
14 Januwale 2024

Chemwali Safia,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti iwe, ana ndi ababa muli bwino. Ife kuno tilipo, alamu ako akupereka moni.

Kalata iyi ndapatsira Duncan, dalaivala wa lole ya usipa uja, chifukwa nkhani ili m'menemu si yapafoni. Foni ya pakhomopo imagona m'thumba la mkanjo wa ababa, ndipo chichitireni khungu makutu awo amamva ngakhale nyerere ikuyenda pa mkeka. Ukawerengere kuseri kwa nyumba.

Mlongo wanga, mwayi wandigwera. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala pakhonde la sitolo ya eni ndikupinda mathalauza a anthu, lero ndine telala wa filimu. Pali kampani ina ikukonza sewero lalitali la pa wailesi ya kanema, magawo khumi, la nkhani ya makedzana, nthawi ya minyanga ndi akapolo, pamene maulendo a amalonda ankawolokera kwathu konko pa Shire. Zovala zonse, za amalonda, za akapolo, za azungu a mishoni, zikutuluka m'manja mwanga. Bwana wathu ndi mzimayi, a Matilda. Anakaphunzira za mafilimu kunja ndipo sanyengeka. Akaona batani la pulasitiki pa malaya a munthu amaimitsa ntchito yonse mpaka lichoke.

Tsono pali gawo lina la maliro. Mkulu wa amalonda, Msilamu, amwalira pa ulendo, anzake n'kumuika m'mbali mwa njira. A Matilda ndinawabweretsera nsalu zoyera zamitundu inayi za m'masitolo a ku Limbe, zonse anakana, akuti zikunyezimira ngati yunifomu ya anamwino. Pakamwa pangapa ukupadziwa. Ndinapezeka ndawauza za sanda ya ababa, nsalu yodzawaikira nayo m'manda, kuti ndi thonje lokhalokha lolemera, kuti anakaigula ku Maka zaka makumi atatu zapitazo n'kuiviika m'madzi a chitsime chopatulika cha Zamzam, kuti theka lake linapita ndi amayi. Mayi aja anangoti, "Imeneyo ndiyo ndikufuna." Ine ndinavomera, anthu onse akumva.

Usadzidzimuke. Ndi kubwereka chabe, masabata awiri. Sutikesi ija ababa amaitsegula kamodzi pa chaka, Ramadhani ikamayamba, kuti afukize nsaluyo ubani, ndipo Ramadhani ili kutali, mwezi wa Malichi. Kiyi umasunga ndiwe. Tikawapempha akana, tonse tikudziwa, ndiye kuwapempha n'kungowadwalitsa mutu. Umupatse Duncan ulendo wotsatira.

Undiuze za miyendo yawo, ndi ngati mankhwala aja alipobe.

Mlongo wako,
Sadik

Mponda, Mangochi
19 Januwale 2024

Achimwene,

Waaleikumu salamu. Ife tili bwino pang'ono. Ana akupita kusukulu, bambo awo ku Joni ali chete monga mwa masiku onse. Ababa miyendo yayambanso kutupa. Ku mzikiti akupita Lachisanu lokha, ndipo ndi pa kabaza. Mankhwala atsala a sabata imodzi. Alamu ndi ana muwapatse moni.

Za ntchito yanu ndakondwa, Alhamdulillah. Koma zinazo ndawerenga kawiri, ndimayesa mwina dzuwa la pa thandala loyanikira usipa landizunguza mutu. Achimwene, mwaiwala kapena mukuchita dala? Ababa anagulitsa boti la injini ndi khoka lawo la chilimira lomwe kuti apite ku Haji ndi amayi. Anzawo anabwerako atadzaza masutikesi ndi mawotchi ndi mawailesi, iwo anabwera ndi nsalu imodzi. Tsiku limene amayi anatisiya inu munali pa msewu, ine ndinalipo. Ndinawaona ndi maso angawa akuigawa pakati nsalu ija, akunena kuti theka latsogola, linalo lidzatsatira ndi mwini wake. Chichokereni amayi palibenso chimene amachiwerengera pa dziko pano koma chimenecho. Ndiye inu mukuti ndikaitenge ngati ndikuanula chitenje pa chingwe, mukakulungire munthu wamoyo wongonamizira kufa?

Mukuti masabata awiri. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu wotupa miyendo mungamuwerengere masabata inu? Chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo maliro athu mukuwadziwa, sagona. Munthu akapita m'mawa, masana alowa m'manda. Nthawi yotuma munthu ku Blantyre kukatenga nsalu idzachokera kuti?

Bwererani ku Limbe, nsalu zoyera sizinathe m'dziko muno. Mayi anuwo muwauze kuti munalankhula mopitirira. Manyazi a tsiku limodzi sapha munthu. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo iyi ikaguluka palibe mmisiri wodzaikonza. Ine ayi, sindingathe.

Mlongo wanu,
Safia

Ndirande
24 Januwale 2024

Safia,

Salamu. Kalata yako ndailandira ndipo yandiwawa. Ukulemba ngati ine ababa si bambo anga.

Ndinayesa kubweza mawu. Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndili munthu woti angamudalire pa magawo otsalawo. Kunja kuli atelala anayi akudikira mpando wangawu. Ndikachoka pano ndibwerera pakhonde paja, ndipo mankhwala a ababa a mwezi ndi mwezi uziona wekha kochokera.

Sindinafune kunena izi, koma wandikakamiza. Mwini mbumba ndani? Amuna ako atakusiya ndi mimba n'kuthawira ku Joni, anakakhala tsiku lonse kwa akuchimuna kukukambira mlandu ndani? Ana akowo tsiku lofuna nkhoswe adzagogoda khomo la yani? Chibadwire sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikupempha nsalu ya masiku khumi ndi anayi, ndipo ndikulumbira kuti palibe aikhudze koma ine ndekha.

Duncan anyamuka kumeneko Lolemba.

Sadik

Mponda
29 Januwale 2024

Achimwene,

Nayo. Ndaikulunga m'mapepala awiri a pulasitiki kuti isatenge fungo la usipa. Duncan ndamuuza kuti ndi makatani, aike kutsogolo.

Ndinaitulutsa ababa ali pakhonde ndi tasibihi yawo, mikanda yopempherera ija. Chivindikiro cha sutikesi chitalira anafunsa kuti ukufuna chiyani uko, ine ndinati ndikupha mphemvu. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi sindinawanamizepo bambo anga. Mwandiyambitsa ndinu.

Ndatumiza chifukwa ndinu mwini mbumba, osati chifukwa ndavomera. Tsiku la khumi ndi chinayi ndi pa 12 Febuluwale. Ndidzakhala pa msewu kudikira lole.

Safia

Ku kampu yojambulira, Machinga
15 Febuluwale 2024

Chemwali,

Salamu kwa nonse. Usakwiye kuti Duncan wabwera ndi kalata ndi mankhwala okha. Mvula yatisokoneza. Filimu imafuna dzuwa, ndipo kuno dzuwa likutuluka ngati mlendo wamanyazi, likangosuzumira labwerera.

Koma ukanaona, Safia! Amanga mudzi wathunthu, nyumba za udzu, mpanda wa mitengo yosongoka, ndi anthu oposa zana atavala nyanda ndi biriwita zodutsa m'manja mwanga. Magoli ndi a mtengo wopepuka, mwana angathe kunyamula, koma anthu akangowavala n'kuyamba kuyenda pa mzera, misozi imabwera yokha. Tsiku loyamba amayi ena a m'mudzi woyandikana nafe anasiya mitolo ya nkhuni n'kuthawa ataona amuna a mifuti ya gogodela akutuluka m'tchire. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Amene akuchita za mzungu wa mishoni ndi mnyamata wa ku yunivesite, ndevu zake timamata ndi guluu m'mawa uliwonse, ndipo kukatentha zimayamba kugwa mbali imodzi.

Gawo la maliro tinaliyamba. Pali kanthu kakang'ono koti udziwe, kuti usadzadabwe. Kamera sikonda choyera kwambiri, chimawala n'kubisa nkhope za anthu. Choncho chovala chilichonse choyera timayamba tachiviika m'tiyi wopanda mkaka kuti chioneke chakale. Ndiyo ntchito yake kuno, ngakhale mikanjo yonse tinatero. Sanda nayo tinaiviika pang'ono, ndipo ndinachita ndekha mosamala monga ndinalonjeza. Tiyi ndi tiyi, amachoka ndi sopo. Podzafika kumeneko idzakhala ili mbee ngati kale.

Tangotsala ndi tsiku limodzi la dzuwa kuti timalize. Ababa uwauze kuti dzina la mwana wawo lidzaoneka pa kanema dziko lonse likuona. Undiuze ngati mankhwalawa ndi omwewo, ku famase anasintha bokosi.

Mlongo wako,
Sadik

Mponda
3 Malichi 2024

Achimwene,

Salamu. Kalata iyi ndi yachitatu, ziwiri zija simunayankhe. Ndikabwereka foni kwa a Tatu oyandikana nafe kuti ndikuimbireni, yanu imangoti sikupezeka. Duncan wayamba kundizemba, akandiona pa msewu amayang'ana matayala.

Nsalu imene inaviikidwa m'madzi a Zamzam inu mwaiviika m'tiyi, ndipo mukundiuza ngati nkhani yoseketsa, pamodzi ndi ndevu za mzungu. Ndinawerenga ndili pa thandala, ndinakhala pansi pa mchenga, anzanga ankayesa ndamva za maliro.

Mwezi uoneka sabata yamawa. Ababa ayamba kale kufunsa ngati ndagula ubani. Dzulo ndinapita ku boma, ndinagula nsalu yoyera m'sitolo ina pafupi ndi mlatho. Ndaichapa katatu kuti ifewe, ndaiyanika kwa a Tatu kuti ana asaone, ndaipinda momwe amapindira eni ake, ndaika m'sutikesi. Ndikuchita zinthu zoti ndikanamva kuti wina wachitira bambo ake ndikanamulavulira.

Kutupa kwafika m'mawondo. Kuchipatala akuti ndi mtima, ndipo dokotala anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati ana onse ali pafupi. Ndinati mmodzi ali pafupi, winayo akusoka zovala za anthu akufa kale.

Yankhani.

Safia

Mponda
12 Malichi 2024, tsiku loyamba la Ramadhani

Bismillah. Kwa mwana wanga Sadik,

Ndine bambo ako, Jaffalie. Akulemba ndi mlongo wako, ine ndikungoyankhula. Ndati ikhale kalata chifukwa mawu a pafoni amauluka, komanso ndikumva kuti masiku ano awirinu mumakonda mapepala.

Asalamu aleikumu, iwe ndi a m'nyumba mwako. Ine ndilipo. Thupi ndilo layamba kutsanzika pang'onopang'ono, layambira kumapazi. Ashehe andiletsa kufunga, akuti ndisasale kudya chaka chino, akuti wodwala ali ndi chilolezo. Ndamvera, koma chakudya cha masana a Ramadhani sichitsika bwino pakhosi.

Ndamva kuti mukukonza kanema wa nthawi ya magoli. Poyamba ndinaipidwa, ndinati zowawa za anthu zasanduka masewera. Kenako ndaganiza kuti ndi bwino ana aone, chifukwa ife tinazibisa kwambiri. Tsono akuluakulu akowo ukawauze izi, poti mabuku awo sangawauze. Mayi a bambo anga anafika kuno kwa Mponda ali kamtsikana, chingwe chili m'khosi, kuchokera kuseri kwa mapiri a kumadzulo. Sanawoloke nawo ulendo chifukwa anadwala nthomba, wogula anawakana. Dzina la kwawo sanalitchule mpaka kufa. Chimene ankanena ndi chimodzi. Ankati mwini ulendo akafa pa njira ankamusambitsa, kumukulunga nsalu, kumuswalira pemphero la maliro, kumukumbira bwinobwino. Koma wa m'goli akafa ankangodula chingwe, ulendo n'kumapitirira. Mayi awo anasiyidwa choncho, osafunditsidwa ngakhale tsamba, mwana akuona. Nkhalamba ija sinkaopa ng'ona kapena njala, inkaopa kupita m'manda yopanda nsalu. Mantha amenewo ndinakula nawo ine. N'chifukwa chake anzanga pogula mawotchi ku Maka ine ndinagula nsalu, ndipo amayi ako sanandiseke. Ndiye mukamajambula maliro a bwanayo, kamera yanuyo muitembenuzeko pang'ono, ione ndi uja wadulidwa chingwe. Nayenso anali ndi mwana.

Lero m'mawa ndatulutsa sanda m'sutikesi, ndaifukiza ubani monga chaka chilichonse. Ndaigwira nthawi yaitali. Ndaibwezera.

Ubwere pa Idi, mwanangu. Usavutike ndi shuga kapena mpunga, zilipo. Ubwere ndi chimene iwe ukuona kuti n'choyenera kubwera nacho kwa bambo ako.

Bambo ako,
Jaffalie

Achimwene, apa ndi ine Safia, ababa alowa kukagona. Onani zilembozi momwe zakhotera. Anaifukiza, anaisisita m'mbali monse, n'kuibwezera m'sutikesi. Ndikuganiza kuti sanazindikire, Mulungu watibisa ulendo uno. Koma bweretsani, ndakugwirani mwendo.

Namwera
27 Malichi 2024

Safia,

Salamu. Kalata ya ababa yandipeza mochedwa chifukwa tinasamuka, tsopano tikujambulira kuno ku mapiri a Namwera. Ndinaiwerenga kuseri kwa lole ya zovala, ndinalira ngati mwana. Lero ndikuuze zoona, zamabodza zanditopetsa.

Sanda inalowa m'dzenje kasanu ndi kawiri. Gawo limodzi amalijambula mobwerezabwereza, uku kamera ili kumanja, uku kumanzere, uku wina waseka, ndipo dothi la kumene kuja ndi katondo. Ulendo wachinayi munthu wochita za mtemboyo anabanika m'kati n'kuyamba kuphupha. Anzake anaing'amba ndi mpeni chakumutu kuti apume. Sindingawadzudzule, munthu akanafa. Ndasoka ndi manja ndi ulusi wabwino, koma chipsera chikuoneka. Ndinachapa kanayi, tiyi ndi katondo zagwirana, mtundu wake uli ngati madzi a Shire nthawi ya mvula.

Ndipo kuitenga panopa sindingathe. Lamulo la ntchito ino ndi lakuti chilichonse chimene chaoneka pa kamera chimatsekeredwa m'bokosi mpaka kujambula konse kuthe, kuti akafuna kubwereza chikhale chomwecho, ndi madontho ake omwewo. Ngakhale kuchapa kuja anandikalipira. Makiyi ali ndi a Matilda. Ndinawapempha, anati gawo la maliro alijambulanso pakati pa Epulo, dzuwa likakhazikika. Chondiwawa n'chakuti ndinawauza mawu a ababa aja, a munthu wodulidwa chingwe. Anawakonda kwambiri, kenako anati gawo lonse lilembedwenso kuti zimenezo zilowemo. N'chifukwa chake akubwereza. Ndikanangokhala chete bwenzi nsaluyo ili kwanu.

Pobwera kuno tinadutsa pa mlatho pa basi ya kampani. Ndinaona denga la mzikiti wathu. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato kuti wina asandizindikire pa windo. Pa Idi sindibwera. Ndingalowe bwanji m'nyumba imeneyo chimanjamanja? Uwauze kuti ntchito yandigwira. Tikamaliza pa 19 Epulo, m'mawa mwake ndibwera nayo ndekha, ndidzagwada pamaso pawo, ndidzanena zonse ndi kuti iwe unakana.

Undiuze momwe akugonera, ndi ngati akudya.

Sadik

Ndirande
23 Epulo 2024

Safia,

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuna. Tonse ndife a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Lachisanu mafoni athu onse anali m'dengu, ndilo lamulo tikamajambula. Mauthenga ako ndinawaona titaweruka, ababa atawaika kale m'manda. Tsiku lomwelo ndi limene tinamaliza gawo la maliro. Nthawi imene inu munkafuna nsalu, ine ndinali pamphepete pa dzenje labodza, makilomita makumi anayi okha kuchokera kwathu, ndikukonza mapindo ake kuti aoneke bwino.

Loweruka ndinapita pa depoti ya Namwera ndi phukusi m'manja. Minibasi ndinakwera, isananyamuke ndinatsika. Nkhope ya amalume ndi ya ashehe sindingathe kuiona panopa. Ndabwerera kuno ndi lole ya kampani.

Sanda nayo, ndapatsira Duncan. Uchite nayo chimene akuluakulu anene. A Matilda apepesa kwambiri, akuti sankadziwa kuti tinatenga mobisa. Akuti alemba dzina la ababa kumapeto kwa gawo lililonse ndi mawu othokoza, chifukwa gawo la wodulidwa chingwe ndilo latuluka bwino kuposa onse.

Undiuze tsiku la sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi. Undiuzenso, chonde, kodi ananena chilichonse cha ine?

Sadik

Mponda
29 Epulo 2024

Achimwene Sadik,

Waaleikumu salamu. Mwafunsa ngati ananena kanthu. Ananena.

Pa Idi anavala mkanjo wawo wabwino ndi mzuli watsopano, anandiuza kuti ndiwakhazike pakhonde kuyambira m'mawa. Galimoto iliyonse ikaima pa msewu ankatukula mutu. Ndinawauza kawiri kuti ntchito yakugwirani, ankangoti, "Ndamva," koma osalowa. Mpunga wawo unazizira pa mbale. Kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso panja.

Lachinayi lawo lomaliza, masana, ndikuwapaka mafuta m'miyendo, anati, "Safia, tseka chitseko." Nditatseka anati, "Nsalu ili m'sutikesi si yanga."

Ndinakhala pansi pomwepo. Anati anadziwa atangoigwira. Tsiku la maliro a amayi sanadule ndi sizasi, anang'amba ndi manja, ndipo mbali imodzi inatsala ndi ulusi wolendewera. Chaka chilichonse ankayendetsa chala m'mbali imeneyo, pamene inalekanirana ndi ya amayi. Ine zaka zonsezi ndinkayesa akungoisalaza. Yanga ya ku boma inali yodulidwa bwino mbali zonse.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunanene. Anati, "Unali pa swaumu, ukufunga, mwanangu. Ndikanakufunsa ukanandinamiza, funga yako ikanaonongeka chifukwa cha ine. Ndinati ndidikire mwini nkhani abwere nayo yekha."

Ndinawauza zonse, za tiyi, za dzenje, za mpeni. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa ngati munthu amene anakulungidwamo uja anatulukamo wamoyo. Ndinati eya. Anati Alhamdulillah. Kenako analira, achimwene. Bambo athu analira mopanda mawu, ali chagada, misozi ikulowa m'makutu. Ngakhale pa maliro a amayi sindinawaone akutero.

Anapita Lachisanu m'mawa, ana atangochoka kupita kusukulu. Ndinakuimbirani kakhumi ndi kawiri. Amuna anawasambitsa n'kuwaveka nsalu yanga ya pafupi ndi mlatho. Ashehe akuti sanda ndi sanda, Mulungu safunsa za sitolo, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona. Koma ine ndinaima pakhomo amuna akutulutsa jeneza, chithatha cha maliro, ndikudziwa kuti bambo anga akupita kwa amayi atavala bodza langa. Inu ndinakukwiyirani ndipo ndikadakwiyabe, koma kiyi ndinatembenuza ndine, ndipo zimenezo sindidzazitula pa munthu wina.

Dzina lawo pa kanema musalembe. Mayi anuwo muwauze kuti banja lakana. Sitikufuna kuthokozedwa pa chinthu chimene sitinapereke.

Phukusi lanu ndinalitsegula, ndinaona, ndalitsekanso. Likubwerera ndi Duncan yemweyo, ndipo si mkwiyo wanga, ndi mawu awo. Anati, "Ikadzafika ine nditapita, usaiotche, usaipereke ku mzikiti, usaisunge m'nyumba muno. Uibweze kwa Sadik. Anaifuna, ndi yake. Tsiku lake likadzakwana adzamuveke imeneyo." Ndinayang'ana nkhope yawo kuti ndione ngati akudalitsa kapena akutemberera, sindinathe kudziwa, ndipo kufunsa ndinaopa. Mawu omwewo anawabwereza madzulo ake pamaso pa amalume ndi ashehe, choncho si chinsinsi. Mbumba yonse yamva ndipo yati zidzachitika.

Arubaini ndi pa 29 Meyi. Kubwera kapena kusabwera zili kwa inu. Nsaluyo alamu muwaonetse pamene mwaisunga, kuti tsiku lakelo asadzavutike kufunafuna.

Mlongo wanu,
Safia